Mliri ukazilala: mmene mpingo ungabwererere m'tchalitchi kuno ku Mangochi

Boma likalengeza kuti chiletso cha misonkhano chafewa, m'mipingo yambiri nkhani imatha ndi uthenga umodzi wa alembi pa WhatsApp: "Lamulungu likudzali tonse tikumane." Ine ndikuti musatero. Matenda a COVID-19 anationetsa kuti mliri subwera kamodzi n'kupitiratu. Atapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, anakula m'miyezi yozizira ya chaka chomwecho, n'kukhala ngati atha, kenaka anabweranso mwaukali mu Januwale 2021 mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Anadzabweranso pakati pa 2021, ndiponso kumapeto kwa chakacho. Malamulo nawo ankasinthasintha. Poyamba ankalola anthu osapitirira 100, mu Ogasiti 2020 kunamveka za anthu 10 mpaka atsogoleri a zipembedzo anadandaula chiwerengero n'kubwerera pa 100, ndipo mu Januwale 2021 chinatsika kufika pa 50. Mpingo wotsegula zonse tsiku limodzi umatsekanso zonse tsiku limodzi, ndipo ulendo uliwonse wotero umataya anthu panjira.

Malangizo awa ndalembera akulu a mpingo, alembi, akatekisiti ndi atsogoleri a amayi ndi achinyamata, kaya muli pa boma, ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira kapena kutchalitchi cha udzu m'mbali mwa Malombe. Bungwe la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti COVID-19 salinso ngozi ya dziko lonse monga kale, koma ife kuno tinali titaona kale kolera akulowa mnzakeyo asanatsanzike n'komwe. Zitseko zidzatsekedwanso tsiku lina. Kutsegula loko n'kosavuta, ndi mwana yemwe akhoza. Ntchito ili pa kubweza anthu, ndiponso kuwabweza mwa dongosolo loti zinthu zikavuta mubwerere m'mbuyo popanda kuyambana.

Khalani pansi musanalengeze kanthu

Yambani ndi kagulu kochepa, anthu asanu kapena asanu ndi awiri. Mukhale abusa kapena akatekisiti, mlembi, msungichuma, mayi mmodzi wa ku Mvano, Dorika, Chigwirizano kapena gulu lililonse la amayi limene muli nalo, wachinyamata mmodzi, ndi munthu wa zaumoyo. Ngati mu mpingo mulibe namwino, pemphani a HSA, alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Kaya ndi Asilamu kaya ndi a mpingo wina zilibe kanthu, ntchito yawo ndi yomweyo. Komitiyi isadzaze amuna okhaokha. Otunga madzi, osesa, ophika pa maliro ndi odwazika matenda ndi amayi, ndiye zimene mungapangane iwo kulibe zikathera m'buku momwemo.

Ntchito yoyamba ya komiti ndi kupeza malamulo enieni, olembedwa. Alipo a boma, amene mungawapeze ku ofesi ya zaumoyo pa chipatala chachikulu cha Mangochi kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanu, ndipo alipo a likulu la mpingo wanu. Akatolika amamvera kalata ya maepiskopi ndi ya dayosizi ya Mangochi, a Anglican ya dayosizi ya Upper Shire, a CCAP ya sinodi yawo. Pamene malamulo awiriwa asiyana, tsatani okhwimawo. Uthenga wa pa foni wopanda dzina la ofesi ndi tsiku musautenge ngati lamulo, ngakhale autumiza ndi alamu anu a ku Lilongwe.

Mukatero gwirizanani magawo. Masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020, boma silinawatsegule onse tsiku limodzi. Mu Seputembala anayamba ndi olemba mayeso, enawo anatsatira mu Okutobala. Mpingo uchite chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti magawo anayi amakwana: poyamba mapemphero a m'milaga kapena m'miphakati, kenaka mapemphero a Lamulungu kapena a Sabata ogawidwa kawiri kapena katatu, kenaka mpingo wonse pamodzi ndi makwaya ake onse, ndipo pomalizira penipeni misonkhano yogona monga zitsitsimutso, maovanaiti ndi misonkhano ya amayi ndi ya achinyamata. Pakati pa gawo ndi linzake papite masabata osachepera awiri, atatu ndiye bwino koposa, chifukwa munthu akatenga COVID-19 zizindikiro zimatha kuoneka ngakhale patapita masiku 14. Mukathamanga simungadziwe ngati gawo lapitalo ladwalitsa anthu kapena ayi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kulemberatu zimene zidzakubwezeni m'mbuyo. Lembani m'buku la maminitsi kuti boma likatsitsa chiwerengero, kapena a zaumoyo akanena kuti odwala akuchuluka m'dera lino, kapena anthu angapo a mapemphero amodzi akadwala m'sabata imodzi, tidzabwerera pa gawo la m'mbuyo. Mawu amenewa muwawerengere mpingo tsiku loyamba lomwe. Mukadzaimitsa mapemphero mosaneneratu, padzapezeka wina wonena kuti abusa alibe chikhulupiriro, winanso kuti akulu a mpingo adyapo ndalama za korona. Mukaneneratu, tsikulo mudzangotsegula buku.

Zonsezi zisanamveke kunja, tumani akulu awiri akaonekere kwa amfumu. Kuno kwathu mpingo sukhala pawokha. M'midzi yambiri ya Mangochi ochuluka ndi Asilamu, ndipo timatunga pa mjigo umodzi, timakwera matola amodzi, maliro akagwa timachezera limodzi pa siwa. N'zachabe kukhala motalikirana m'tchalitchi Lamulungu, Lolemba n'kukathithikana pa maliro anthu mazanamazana popanda ndowa ndi imodzi yomwe. Pemphani amfumu aitane a shehe ndi atsogoleri a mipingo ina. Zofunika kumvana ndi zochepa: maliro aziyenda bwanji, ndowa zosambira m'manja pa maliro zizichokera kuti, chakudya chizigawidwa motani, ndipo wodwala akapezeka tiziuza yani. Anzathu a kumzikiti amasamba nthawi zonse asanalowe kukapemphera, ndiye nkhani ya madzi pakhomo la nyumba yopemphereramo si yachilendo kwa iwo. Apa ophunzira ndife. Komwe anthu amamva bwino Chiyao, makamaka agogo athu, zolengeza zonse zinenedwenso m'Chiyao.

Yambirani m'milaga

Gawo loyambali musalipeputse. Mabanja khumi kapena ocheperapo, pabwalo la mkhristu mmodzi, pansi pa mtengo, ola limodzi basi. Sankhani mthunzi wa mango kapena nimu; mlambe umayoyola masamba m'chilimwe, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno mukulidziwa. Aliyense abwere ndi mkeka kapena kampando kake. A banja limodzi akhale pamodzi, koma pakati pa banja ndi banja pakhale mpata wa mita imodzi kapena kuposa. Panja ndi pabwino chifukwa kachilombo ka COVID-19 kamayenda mu mpweya umene timapuma, kamaunjikana m'chipinda chotseka, pomwe pabwalo mphepo imakamwaza.

Phindu lalikulu la gawoli ndi kaundula. Mtsogoleri wa mlaga atenge kope, alembe mabanja onse a m'dera lake monga analili mliri usanayambe, ndipo pa dzina lililonse aonetse zimene zachitika: alipo, anasamuka, anapita ku Joni, akudwala, anamwalira, anaferedwa, sakuoneka. Kope limeneli mudzalifuna pogawa mapemphero, pofufuza amene anakhala pafupi ndi wodwala, ndi pokayendera osowa. Alisunge ndi mlembi, lisamayende m'manja mwa aliyense, poti muli nkhani za matenda a anthu.

Yezani tchalitchi chanu

Bwerekani tepi kwa kalipentala, kapena dulani chingwe cha mita imodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi mabenchi 40, lililonse lotalika mamita atatu. Nthawi ya mtendere pa benchi lotero pamakhala anthu asanu ndi mmodzi, onse pamodzi 240, osawerengera ana a pansi. Mukamadumpha benchi limodzilimodzi n'kukhazika anthu atatu pa otsalawo, mupeza malo a anthu 60 okha. Nambala imeneyo ndiyo yanu, ngakhale boma litalola 100. Lembani ndi choko pokhala munthu. Mabenchi odumphidwawo atembenuzeni, kapena atulutseni panja pa mthunzi akhalepo otsalira. Mukawasiya chikhalire, ochedwa adzakhalapo basi.

Mazenera ndi zitseko zonse zikhale zotsegula kuyambira anthu asanalowe mpaka atatuluka. Zenera limene linakhomedwa misomali chifukwa cha akuba likhomoledwe. M'miyezi ya mwera, Juni ndi Julaye, agogo adzapempha kuti mutsekeko. Auzeni mwaulemu abwere ndi juzi kapena chitenje chofunda, chifukwa m'miyezi yozizira yomweyi ndi mmene matendawa anakulira mu 2020 ndi mu 2021.

Gawani anthu motsata milaga, osati kuti wayamba kufika ndani. Mukanena kuti oyamba 60 ndiwo alowe, olowa adzakhala a pafupi ndi anyamata a njinga, pomwe mayi wochokera kutali ndi mwana kumsana adzabwezedwa pakhomo, ndipo wobwezedwa pakhomo la tchalitchi sabweranso msanga. Poika nthawi kumbukirani nyanja. Asodzi a usipa amachezera pamadzi ndi nyali n'kukocheza m'mawa, ndipo nthawi yomweyo amayi a geni ya nsomba amakhala ali kudoko. Milaga ya m'mbali mwa nyanja ipatseni mapemphero a mochedwerapo kapena a madzulo. Achikulire ndi odwala shuga, BP, mphumu kapena chifuwa chachikulu apatseni a m'mamawa, malata asanatenthe, m'nyumbamo musanapumire anthu ambiri. Pakati pa mapemphero awiri papite mphindi 30 kapena kuposa tchalitchi chili chopanda munthu. Mwambo wonse usapitirire ola limodzi ndi theka. Ndikudziwa kuti alaliki ena apa andikwiyira, koma tiyambe tadula zolengeza zosatha zija. Zikhoza kupita pa bolodi ndi kwa atsogoleri a milaga.

Madzi, sopo ndi zina zogula

Pakhomo lililonse lolowera pakhale ndowa ya mpopi, beseni lolandira madzi akuda, ndi sopo. Ndowa imodzi pa anthu 60 imangopanga mzere wothithikana, ndiye ikani ziwiri kapena zitatu motalikirana, ina pafupi ndi chimbudzi. Komwe ndalama palibe pangani mpondagiya: kachigubu koboola, mitengo itatu, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Zosambira anthu onse m'beseni limodzi monga timachitira pa nsima, ayi, madzi akhale oyenda. Sopo wa mtanda amasowa, mbuzi nazo zimamutafuna. Muboole pakati n'kumumangirira chingwe, kapena sungunulani magalamu 30 a sopo wa ufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka n'kuboola chitsekerero chake. Kusamba kwake ndi masekondi osachepera 20, kufikitsa pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Lembani ndandanda wa otunga madzi, ndipo anyamata alowemo, asangosiyira amayi. Ndowa zouma pa makomo tinaziona zambiri mu 2021.

Za mankhwala opukutira mabenchi, zogwirira zitseko ndi gome: ngati botolo la Jik lalembedwa 3.5%, thirani kapu imodzi ya Jik m'makapu 34 a madzi, kapu yake yomweyo. Sungunulani tsiku lomwelo logwiritsa ntchito chifukwa mphamvu yake imatha, makamaka padzuwa. Musasakanize ndi mankhwala ena alionse, ndipo musapopere anthu pakhomo. Sizithandiza, zimangopweteka maso ndi chifuwa. Klorini wa ufa amene a zaumoyo amakhala naye ndi wamphamvu kwambiri, muyezo wake akuonetseni iwo eni, paja safunsa anadya phula. Komabe ndalama zonse zisathere ku Jik. Pa matenda oyenda mu mpweya, zenera lotsegula limateteza kuposa benchi lonyezimira.

Ngati lamulo likufuna masiki, atelala a mu mpingo asoke a nsalu zosanjikiza kawiri kapena katatu, ndipo pakhomo pakhale angapo osungira amene wabwera wopanda. Munthu asabwezedwe chifukwa cha umphawi. Ana a zaka zisanu kutsika pansi musawakakamize.

Lamulungu loyamba

Atumiki a pakhomo afike msanga, adzaze mabenchi kuyambira kutsogolo, ndipo potuluka ayambe a kumbuyo. Mmodzi alembe mayina a olowa. Moni wa m'manja ndi wovuta kuleka chifukwa dzanja limapita lokha, choncho musangoletsa, perekani cholowa m'malo. Tili nazo kale zathu: kuwomba m'manja mwaulemu, kuwerama pang'ono, kupinda mawondo, kapena kuika dzanja pamtima. Abusa ayambe okha pa guwa kuti anthu aone kuti si mwano, ndipo mwambo woima pakhomo n'kumagwira chanza aliyense wotuluka udikire kaye.

Mutu waukulu ndi kwaya. Poimba munthu amatulutsa mpweya ndi timalovu tambiri kuposa poyankhula, ndipo m'maiko ena anthu ambiri a kwaya imodzi anadwalira pa pulakatisi imodzi yokha. Koma kwaya ndiyonso chingwe chimene chimamanga achinyamata ku mpingo. Mukaitseka kwa miyezi, anyamata mukawapeza pa kabaza ndi ku mpira, ndipo kuwachotsako si ntchito yamasewera. Ine sindigwirizana ndi zoitsekeratu. Pulakatisi izichitikira panja. Lamulungu iziimba kwaya imodzi pa mapemphero amodzi, anthu ochepa, ataima pafupi ndi chitseko chotsegula kapena pakhonde, patali ndi benchi loyamba, onse atayang'ana mbali imodzi osati moyang'anizana. Nyimbo ziwiri zakwana. Makwaya azisinthana sabata ndi sabata, ndipo ndandanda wake ulembedwe poyera, chifukwa palibe chodandaulitsa achinyamata ngati kuona kwaya ya ana a akulu a mpingo ikuimba yokhayokha. Maiki asamapatsirane, ngati ilipo imodzi, ikhale pa choimikira.

Mbale ya chopereka isayende m'manja. Ikani dengu pakhomo lotulukira, akulu awiri ataima chapafupi. Owerenga ndalama asanyambite chala, ndipo asambe m'manja akamaliza. Airtel Money ndi Mpamba zinathandiza zitseko zili zotseka, zisiyeni zipitirire, makamaka kwa ana athu a m'tauni. Koma nambala isakhale ya foni ya msungichuma imene amaguliranso mayunitsi ake. Pezani laini ya mpingo yokha, ndipo zolowa ziziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Ndalama zimagawanitsa mpingo msanga kuposa matenda.

Za mgonero kapena Ukaristia musagamule nokha, dikirani mawu a sinodi kapena a episkopi. Zimene zili m'manja mwanu ndi izi: wogawa asambe m'manja anthu akuona, avale masiki, ndipo anthu abwere benchi ndi benchi. Komwe mumamwera chikho chimodzi funsani likulu likupatseni njira ya nyengoyi. Komwe muli ndi timakapu, titsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha, osati kungotsukuluza. Achikulire amene sanayambe kubwera, mgonero ukawapeze kwawo, pakhonde. Sande sukulu iyambe masukulu a boma akatsegula, panja, m'timagulu ta misinkhu.

Sabata iliyonse bwerezani kuti amene akutsokomola, kutentha thupi, kubanika, kapena wasiya kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya asabwere, apite kuchipatala, ndipo kusabwerako si tchimo. Izi zikhudze ndi abusa omwe; konzeranitu mkulu wolalikira m'malo mwawo. Mukamva kuti amene anapemphera nanu wapezeka ndi matenda, mlembi atenge mayina a tsikulo apite nawo kwa a HSA, iwo ndiwo anene oyenera kuyezedwa kapena kukhala kunyumba. Pali nambala yaulere ya 929 ya Chipatala cha pa Foni yofunsirapo. Dzina la wodwala lisatchulidwe pa guwa mwini wake asanalole, ngakhale mutati n'kumupempherera. A mlaga wake amutumizire ufa, nkhuni ndi madzi, zisiyidwe pakhomo, ndipo azimuimbira foni.

Kalondoleni osowa

Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi mudzaona kuti mbali ina ya tchalitchi ili pululu ngakhale chiletso chatha. Apa ndi pamene kope la mlaga lija ligwire ntchito. Osabwerawo sali a mtundu umodzi, ndipo kuwadzudzula pa guwa kuti ndi ofooka n'kutaya mawu: eni ake kulibe, akumva ndi amene abwera.

Yambani ndi oferedwa. Nthawi ya COVID-19 maliro ambiri anaikidwa mothamanga, anthu ochepa, osaona nkhope, osagona pa siwa, kwaya osaimba, kwina abusa osafikako n'komwe. Banja lotero lili ndi chilonda mumtima, ndipo lina lili ndi mkwiyo. Mudzamva mawu onga akuti, "Mayi athu anatumikira zaka zonsezi, koma anaikidwa ngati analibe mpingo." Musayambe kufotokoza za malamulo a boma, iwo akuwadziwa. Pitani akulu awiri ndi amayi awiri, mukhale pansi, mupepese maliro monga mukanachitira tsiku lija, mupereke chipepeso ngakhale chochepa. Kenaka konzani Lamulungu limodzi lokumbukira onse amene anatisiya nthawi ya mliri, kaya anapita ndi matendawo kaya ndi ena. Mayina awo awerengedwe limodzilimodzi mabanja atavomera, ndipo kwaya iimbe nyimbo zimene sizinaimbidwe kumanda.

Pali ochira, ndi obwerera kuchokera ku South Africa. Mu 2020 mabasi atayamba kubweretsa abale athu kudzera pa chipata cha Mwanza, ambiri analozedwa chala kuti ndiwo abweretsa matenda, pomwe ndi omwewo amene ndalama zawo zinafolera malata nyumba zambiri zopemphereramo m'boma lino. Munthu amene wachira, a chipatala n'kumumasula, palibe chomuthawira. Mpatseni ntchito yooneka, awerenge mawu kapena atsogolere pemphero, mpingo uone akulu akumulandira.

Ena akubisala chifukwa cha khadi. Miyezi yambiri sanapereke chakhumi kapena lonjezo, geni inagwa, malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja anachepetsa antchito alendo atasiya kubwera. Mpingo ukayamba ndi kuwerenga mayina a angongole, amenewa simuwaonanso. Sesheni kapena khonsolo igwirizane zokhululuka zotsalira za miyezi ya mliri, ilengeze poyera, aliyense ayambire pamene tayambirapa. Msungichuma adzadandaula, ndipo chifukwa ali nacho, poti abusa ayenera kudya ndipo likulu likufuna gawo lake. Koma amene wabwerera adzapereka chaka chamawa, pomwe wothawa sadzapereka konse. Pepa Sande ndi zosonkha za chitukuko zidikire kaye.

Nkhani yovuta ndi ya atsikana. Masukulu atatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu mu 2020, atsikana ambiri m'boma lino anatenga mimba, ena analowa m'banja asanakhwime, ndipo ena mwa iwo anali a m'makwaya athu. Mwambo wa mpingo ulipo, sindikuti uthe. Koma ulendo woyamba wopita kwa mtsikana wotero usakhale wa kalata yomuitanira kubwalo. Apite amayi, akaone ngati akupita ku sikelo, ngati mwana akulandira katemera, ndipo akambe ndi makolo za sukulu, poti malamulo a maphunziro amalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Ngati ndi wosakwana zaka 18, ukwatiwo malamulo a dziko lino saulola, ndipo nkhaniyo ifike kwa amfumu ndi kwa oona za chitetezo cha ana. Mnyamata kapena bambo wopereka mimbayo naye asangokhala phee pa benchi la kutsogolo ngati sizikumukhudza.

Enanso anangozolowera kupemphera pa wailesi ndi pa foni. Radio Maria, imene likulu lake lili konkuno ku Mangochi, pamodzi ndi mawailesi ena anatithandiza zitseko zili zotseka, ndipo kwa odwala ndi okalamba apitirize kutero. Wathanzi amene akuti ulaliki wa pa wailesi umamukwanira musatsutsane naye, mwina n'zoona kuti wa pa wailesiyo amalalika bwino kuposa ife. Mpatseni udindo. Munthu amene wauzidwa kuti ndowa za Lamulungu lino zili m'manja mwake amabwera.

Agogo amantha musawakakamize. Funso loti "Bwanji simukubwera?" lisiyeni kunyumba. Mukapatsana moni, mawu ake ndi onga awa: "Agogo, tabwera kudzakuonani, takusowani. Malo anu alipo. Tsiku limene mtima wanu wamasuka mutiuze, tidzatuma mwana ndi njinga adzakutengeni." Ndipo mwanayo adzapitedi.

Katemera

Katemera wa COVID-19 anafika m'dziko muno mu Malichi 2021, koma anapeza mphekesera zitafika kale: za 666, za kusabereka, za kufa pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha madozi pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Anthu athu amamvera abusa ndi a shehe kuposa chikwangwani cha unduna. Itanani a zaumoyo adzayankhe mafunso mapemphero akatha, ndipo ngati angabwere ndi katemera, atsogoleri ayambe iwo kubayitsa anthu akuona. Koma khadi la katemera musalisandutse chiphaso cholowera m'tchalitchi ngati lamulo la dziko silikutero. Mudzangokankhira okayikawo kwa aneneri amene akuwaopsezawo.

Misonkhano yogona ibwere pomaliza

Msonkhano wa masiku atatu, anthu ochokera ku Chilipa, Katuli, Nankumba ndi Makanjira atagona mothithikana m'makalasi a sukulu, ungamwaze matenda boma lonse pofika Lolemba. Yambani ndi wa tsiku limodzi, wapanja, aliyense akagone kwawo. Musayambire pa Khirisimasi. Nthawi imeneyo anthu amayenda kwambiri, ndipo kawiri konse, kumayambiriro kwa 2021 ndi kumapeto kwake, matenda anakula m'nyengo yomweyo.

Ndowa zija musazigulitse kapena kuzisamutsira kunyumba ya abusa. Kolera amene anayamba ku Machinga, pafupi nafe pompa, mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Kolerayu sayenda mu mpweya, amadzera m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Choncho pa msonkhano wogona mafunso amasintha. Zimbudzi zilipo zingati, ndipo zili ndi zivundikiro? Madzi akumwa achokera pa mjigo kapena pa mpopi, osati m'nyanja kapena mu Shire, ndipo athiridwa WaterGuard kapena klorini? Chakudya chidyedwe chotentha, thobwa losungunula ndi madzi osatetezedwa lisalowe, ndipo mapaketi a Thanzi ORS akhale m'thumba la mlembi. Wotsegula m'mimba mwa madzimadzi ayambe kumwa ORS pomwepo ali pa ulendo wa kuchipatala, asadikire pemphero la m'mawa. A mipingo yobatiza m'nyanja kapena mumtsinje afunse kaye a zaumoyo ngati malowo ali bwino nyengo imeneyo. Chipatala chapafupi chidziwe tsiku la msonkhano kudakali masabata awiri, ndipo a HSA adzayendere zimbudzi, khitchini ndi potunga madzi alendo asanafike.